Kalirole Woonetsa za M'kati mwa Thupi

Tisanayambe nkhani yathu ya lero, ndipempha kuti aliyense aike colembera pansi, atambasule dzanja lamanzere cikhatho citapenya kumwamba. Tsopano tengani zala ziwiri za dzanja lamanja, ca mkombaphala ndi capakati, muzisanjike pamkono pamene dzanja liyambira, kumbali ya cala cacikulu. Musakanikize kwambiri. Khalani cete pang'ono. Kodi muli kumva kanthu kakugunda pansi pa zala zanuzo? Amenewo ndi magazi amene mtima uli kuwakankha kuti afike m'thupi monse.

Mtima wanuwo unayamba kugunda musanabadwe, ndipo kufikira lero simunayambe mwaulamula kuti ugunde. Mukagona umagundabe, mukathamanga umafulumira wokha. Comweconso mimba imagaya nsima osafunsa mwini wake, khungu limatulutsa thukuta m'mwezi wa October, ndipo m'mawa wozizira wa June timitsempha ta magazi ta m'zala timafinyika kotero kuti zala zimauma ndi kulephera kugwira pensulo. Nchito za thupi zili m'magulu awiri: zina timazilamula, monga kukweza dzanja kapena kumenya mpira, zina zimadziyendera zokha. Kwa zaka zambiri mabuku a madokotala anaphunzitsa kuti pakati pa magulu awiriwa pali mpanda wosadumphika. Lero tikamba za anthu amene anauyesa mpandawo napeza kuti uli ndi mipata, ngakhale kuti mipatayo si yaikulu monga ena anaganizira poyamba.

Tiyambire pa cinthu cimene anyamata acidziwa bwino. Mnyamata akayamba kuphunzira legeni, mwala wake woyamba umapita kutali ndi cimene walinga. Amaona kuti wapita kumanzere, ndipo waciwiri amaukhotetsera pang'ono kumanja. Pakutha pa mwezi amathothola mango ali pansonga peni peni. Tsono mnyamata yemweyo mummange nsalu kumaso, mumtsekenso makutu. Angaponye miyala yodzaza dengu, koma sadzaphunzira kanthu, pakuti palibe comuuza kumene mwala wagwera. Mtsikana wophunzira kusenza mtsuko amawongola khosi pamene madzi amtayikira kumsana. Munthu amaphunzira nchito ngati zotsatira za nchitoyo zibwerera kwa iye, ndipo zibwerere msanga, asanaiwale cimene wacita.

Pa za m'kati mwa thupi, tonsefe tili ngati mnyamata womangidwa kumaso uja. Sitiona ngati mnofu wa kukhosi wamangika, sitidziwa ngati cala catentha pang'ono kapena cazizira pang'ono. Koma pali makina amene amapima zinthu zotere ndi kuzisandutsa kulira kwa belu, kuyaka kwa nyale, kapena mzere wokwera ndi kutsika pagalasi la kompyuta. Munthu akamaona mzerewo amayesa ici ndi ico, kupuma mwa njira ina, kumasula mapewa, kuganizira za kuothera dzuwa, kufikira ataona mzere ukupita kumene afuna. Akabwereza masiku ambiri amafika pocita zimenezo popanda makina. Njira imeneyi ichedwa biofeedback. Mbali yoyamba ya dzinali icokera ku liwu la Cigiriki lotanthauza moyo, ndipo yaciwiri ndi liwu la Cingerezi lonena za uthenga wobwerera kumene unacokera. Dzinali linakhazikika mu 1969, pamene akatswiri ofufuza za nkhaniyi anasonkhana ku Santa Monica, m'dziko la America, nayambitsa bungwe lawo.

Pali cinthu cimodzi cimene ndifuna mucigwire bwino. Makinawa salowetsa magetsi kapena mankhwala m'thupi. Amangomvetsera ndi kunena zimene amva. Ali ngati kalirole: kalirole sapesa tsitsi la munthu, amangomuonetsa pamene sipanapesedwe.

Minofu ndiyo inasonyeza poyera kuti njirayi ndi yoona. Mnofu uliwonse ukamagwira nchito umatulutsa kamphamvu kakang'ono ka magetsi. Dokotala wina wa ku Canada, John Basmajian, analowetsa timawaya tosalala ngati tsitsi m'mnofu wa patsinde pa cala cacikulu, nalumikiza timawayato ku makina okuza mawu. Mu 1963 analengeza cinthu codabwitsa. Mnofu umapangidwa ndi timagulu tambiri ta ulusi, ndipo kagulu kalikonse kamalandira malamulo kucokera ku kamtsempha kake kamodzi. Anthu amene anawayesa, pakumva kulira kwa timagulu timeneti, anaphunzira kudzutsa kagulu kamodzi kokha ena onse ali gone, cala osagwedezeka konse. Ena anafika poliza makinawo mwa kayimbidwe ka ng'oma. Atafunsidwa kuti acita bwanji, ambiri analephera kufotokoza, monga mmene inu mungalepherere kufotokoza mmene mumaimbira mluzu.

Kucokera pamenepo madokotala anayamba kugwiritsa nchito njirayi pa odwala. Pali mutu wina umene umapweteka ngati wamangidwa ndi lamba, makamaka kwa anthu a nkhawa zambiri. Thomas Budzynski ndi Johann Stoyva a ku Colorado anamata tizitsulo tonga mabatani pamphumi pa odwala otere. Mnofu ukamangika makina analira mofulumira, ukamasuka analira mwa apo ndi apo, ndipo nchito ya wodwala inali kuwacedwetsa. Ku Topeka, m'cigawo ca Kansas, Elmer Green ndi mkazi wake Alyce anaphunzitsa anthu kutenthetsa manja awo poyang'ana kacipangizo kopima kutentha komangirira kucala. Si matsenga ayi. Munthu akacita mantha timitsempha ta magazi ta m'zala timafinyika, ndipo zala zimazizira. Mtima ukakhala pansi timitsemphato timatseguka, magazi ofunda n'kudzaza. Njira imeneyi inayesedwa pa mutu wa cing'alang'ala. Kufufuza kwa zaka zambiri kwasonyeza kuti biofeedback imathandizadi anthu ambiri kucepetsa masiku odwala mutu wa mitundu iwiriyi, ngakhale kuti kawirikawiri phindu lake silisiyana kwenikweni ndi la kuphunzira kumasula thupi popanda makina. Koma ana inu, mutu wodza ndi kutentha thupi, kusanza kapena kuuma khosi si wa nkhawa. Umenewo ndi wothamangira nawo kucipatala tsiku lomwelo, pakuti ungakhale malungo kapena matenda ena oopsa.

Si zonse zimene zinalengezedwa m'zaka zimenezo zinakhala zoona. Neal Miller, katswiri wochuka wa za maganizo ku America, analengeza m'zaka za m'ma 1960 kuti makoswe amene minofu yawo inafooketsedwa ndi mankhwala anaphunzira kufulumizitsa kapena kucedwetsa mtima pofuna mphotho. Nkhaniyo inamveka pa dziko lonse. Koma pamene iye ndi anzake anabwereza mayesowo m'zaka zotsatira, zotsatira zake zinanka zicepa kufikira zinazimirira. Miller sanabise. Mu 1986, pamodzi ndi Barry Dworkin, anasindikiza nkhani yofotokoza kulephera kwawo konse. Ine ndiona kuti pamenepa anacita cacikulu koposa cimene anacita poyamba paja.

Pali matenda ena amene sitikamba pagulu kawirikawiri, koma ndiwo amene njirayi yathandizapo moonekeratu, conco tiwachule mwaulemu. Pansi pa mimba pali minofu yogwira cikhodzodzo ndi matumbo. Anthu ena amadzimbidwa kwa zaka cifukwa cakuti pofuna kudzithandiza amamanga minofuyi m'malo moimasula, iwo osadziwa. Mankhwala otsegula m'mimba sawathandiza kwenikweni. M'mayeso amene anacitika ku Italy, olengezedwa mu 2006, mwa odwala akuluakulu otere amene anaphunzitsidwa ndi makina oonetsa mnofuwo, 80 pa 100 alionse anapeza bwino kwambiri; mwa amene analandira mankhwala, anali 22 okha pa 100. Apa kalirole anaonetsa colakwa cimene munthu sakanaciona mwa njira ina. Amayi ena akabereka amavutika kusunga mkodzo, ndipo kale mu 1948 dokotala Arnold Kegel wa ku Los Angeles anapanga kacipangizo koonetsa mphamvu ya minofu imeneyi polimbitsa. Komabe mayeso a amayi 600 ku Britain, olengezedwa mu 2020, anapeza kuti amene anaphunzitsidwa bwino kulimbitsa minofuyo popanda makina anacira mofanana ndi amene anali ndi makina. Mphunzitsi wabwino nthawi zina amakwanira yekha.

Aphunzitsi a m'makalasi oyamba adziwa za ana okodza pogona. Mu 1938 Hobart Mowrer ndi mkazi wake Willie Mae anafotokoza za kansalu koyala pogona kolumikizidwa ku belu. Dontho loyamba likagwa belu limalira, mwana n'kudzuka. Pakapita milungu ingapo ubongo wa mwanayo umaphunzira kumva kudzaza kwa cikhodzodzo belu lisanalire, ndipo ana oposa theka amaleka. Ici citiphunzitsa kuti mwana wotere sacita dala. Uthenga wa cikhodzodzo cake sufika bwino ali m'tulo, basi. Kumuseka, kumumenya kapena kumuimbira nyimbo zacipongwe sikufikitsa uthengawo.

Tsopano tikwere kumutu. Ubongo nawo umatulutsa magetsi, koma ofooka zedi. Batire limodzi la wailesi lili ndi volti imodzi ndi theka. Magetsi a ubongo opimidwa pakhungu la mutu ndi ocepa kuposa pamenepo nthawi zoposa 10,000. Woyamba kuwajambula mwa munthu anali Hans Berger, dokotala wa ku Jena m'dziko la Germany, mu 1924. Anazengereza zaka zisanu asanalengeze, ndipo atalengeza mu 1929 ambiri sanamkhulupirire, kufikira Edgar Adrian ndi Bryan Matthews a ku Cambridge anatsimikiza mu 1934. Cipimo cimeneci cichedwa EEG, ndipo madokotala amacigwiritsa nchito makamaka pofufuza matenda a khunyu. Pepala lake limaonetsa mizere yokwera ndi kutsika ngati mafunde a panyanja. Berger anaona kuti munthu akatsinzina ali maso, mtima uli m'malo, pamabwera mafunde oyenda mwadongosolo, pafupifupi 10 pa sekondi imodzi. Akatsegula maso kapena kuyamba kuwerengera samu yovuta, mafundewo amabalalika. Amenewa achedwa mafunde a alpha.

Biofeedback yogwiritsa nchito mafunde a ubongo ndiyo ichedwa neurofeedback. Joe Kamiya, amene anayamba nchito yake ku yunivesite ya Chicago ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ankagoneka munthu m'cipinda ca mdima tizitsulo tili kumutu. Belu likalira munthuyo ankanena ngati aganiza kuti mafunde a alpha alipo kapena palibe, ndipo ankauzidwa ngati walasa kapena waphonya. Ena anafika polasa kawirikawiri, ndipo pambuyo pake anaphunzira kuculukitsa mafundewo mwa kufuna kwawo.

Nkhani ya Barry Sterman wa ku Los Angeles ndi ya amphaka. Anaona kuti mphaka akakhala duu, maso ali cheru, monga acitira podikira khoswe pauna, mbali ya ubongo yolamula kuyenda kwa thupi imatulutsa mafunde 12 mpaka 15 pa sekondi. Anakonza makina opatsa mphaka mkaka nthawi iliyonse mafundewo akaoneka, ndipo amphakawo anaphunzira kuwatulutsa kawirikawiri. Patapita nthawi Sterman anapemphedwa kufufuza kuopsa kwa mafuta a maroketi, amene amagwetsa khunyu. Mwa amphaka amene anayesedwa, ena anapirira nthawi yaitali koposa anzawo, ndipo atafufuza anapeza kuti anali aja anaphunzitsidwa kale. Mu 1972 analengeza za mayi wina wacitsikana wodwala khunyu amene kugwa kwake kunacepa ataphunzitsidwa mwa njira yomweyo. Kenaka mu 1976 Joel Lubar wa ku Tennessee anaiyesa pa mwana wosakhazikika, wa vuto limene lero lichedwa ADHD.

Mphunzitsi aliyense amdziwa mwana wotere. Sakhala pampando, amayankha funso lisanathe, amayamba samu nasiyira pakati cifukwa ca mbalame yodutsa pawindo. Si wopusa, ndipo kawirikawiri si wamwano. M'maiko olemera makolo ambiri amatengera ana otere ku neurofeedback. Mwana amavala tizitsulo kumutu nayang'ana kanema kapena sewero la pakompyuta. Ubongo ukatulutsa mafunde ofunidwa cithunzi cimawala ndipo sewero limayenda. Akaculuka mafunde ocedwa, onga a munthu wosinza, cithunzi cimazilala. Amabwera maulendo 30 kapena 40, ndipo ndalama zake ndi zambiri. Makolo ambiri amati ana awo asintha.

Apa m'pamene tiyenera kucita mosamala, ndipo ana a Giredi 6 ndi 7 amvetsetse, pakuti ndi phunziro la sayansi lenileni. Mukafuna kudziwa ngati manyowa akulitsa nyemba, simubzala m'citini cimodzi. Mumabzala m'zitini ziwiri, dothi lofanana, madzi ofanana, dzuwa lofanana, cimodzi cokha ndico mumathira manyowa. Mwana wopita ku neurofeedback amalandira zinthu zambiri pamodzi: munthu wamkulu wokhala naye yekha ndi kumuyamikira, cizolowezi cokhala cete kwa nthawi, mphotho, ndi makolo odzala ndi ciyembekezo. Nanga mwa zonsezi comusintha n'citi? Kuti adziwe, ofufuza anagawa ana m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina linaona mafunde a ubongo wawo weniweni. Gulu lina linakhala pa makina omwewo, koma cithunzi cinali kuyendetsedwa ndi mafunde ojambulidwa kale a mwana wina. Ana, makolo ndi aphunzitsi awo sanauzidwe kuti ali m'gulu liti. M'mayeso otere a ku America, a ana oposa 140 a zaka 7 mpaka 10, olengezedwa mu 2021, magulu onse awiri anasintha bwino, koma pa kuchera khutu, cimene cinali cipimo cacikulu, panalibe kusiyana koonekera pakati pawo. Mu 2016 akatswiri ena anali atasonkhanitsa mayeso 13, napeza zofanana: makolo odziwa cimene mwana walandira anaona kusintha, koma oweruza osadziwa sanaone kusiyana kwenikweni.

Zimenezi sizitanthauza kuti makolo aja ananama. Ana anasinthadi. Koma umboni umene ulipo usonyeza kuti cacikulu cinawasintha si mafunde aja. Mwa zinthu zimene ndachula, kuyamikira mwana msanga akacita bwino, kumpatsa nchito yaifupi yotha kuimaliza, ndi kumkhazika patsogolo kutali ndi windo, mphunzitsi angazicite m'kalasi ya udzu popanda waya ndi mmodzi yemwe. Neurofeedback iyesedwanso pa kusowa tulo, nkhawa, kuvutika maganizo, ndi mantha otsalira mwa anthu amene anaona zoopsa monga nkhondo. Pena zotsatira n'zolimbikitsa, koma mayeso ambiri ndi a anthu owerengeka, ndipo ambiri alibe citini caciwiri cija. Munthu akadza nalonjeza kuti makina ake aciza matenda onse a ubongo, mfunseni za citini caciwiri.

Za khunyu ndinene mosabisa, pakuti ana odwala khunyu alipo m'sukulu zathu. Nkhani ya amphaka a Sterman ndi yokondweretsa, ndipo pali odwala ena, amene mankhwala anawakanika, amene njirayi inawacepetsera kugwa. Koma cociza khunyu codalirika ndi mankhwala a kucipatala, monga phenobarbitone ndi carbamazepine, omwedwa tsiku ndi tsiku osadumpha. Odwala ambiri, pafupifupi 7 mwa 10, angaleke kugwa akalandira mankhwala oyenera. Kusiya mankhwala mwadzidzidzi kungaphe. Khunyu ndi kusokonezeka kwa kanthawi kwa magetsi aja a mu ubongo. Silipatsirana mwa malovu kapena mwa kumgwira wodwala. Mnzanu akagwa, mcotsereni moto, madzi ndi miyala, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha mgonekeni cammbali. Comweconso wodwala BP asataye mapilisi ake cifukwa waphunzira kupuma bwino, ndipo wodwala maganizo kwambiri apite kucipatala, kumene angamtumize kwa akatswiri monga a ku Chainama mu Lusaka.

Tibwerere ku zala zathu zija, pakuti pali biofeedback imodzi imene tingayese pano popanda kugula kanthu. Sanjikaninso zala pamkono. Mukapeza kugunda kuja, kokani mpweya pang'onopang'ono, kenaka muutulutse pang'onopang'ono. Cherani khutu ku zala zanu. Ambiri a inu mudzamva kuti pokoka mpweya mtima umafulumira pang'ono, ndipo potulutsa umacedwa. Mwa ana kusiyanaku kumamveka bwino koposa mwa akulu, conco musadabwe aphunzitsi akavutika kukupeza. Cocititsa ndi mtsempha wautali wa mauthenga wochedwa vagus, wocokera kutsinde kwa ubongo kutsikira kumtima ndi kumimba. Umagwira nchito ngati buleki ya njinga: potulutsa mpweya buleki imagwira, pokoka imamasuka. Munthu sangalamule mtima mwacindunji, koma angalamule mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo umagwira buleki. Akatswiri monga Paul Lehrer ndi Evgeny Vaschillo anasonyeza kuti mwa akulu ambiri kukwera ndi kutsika kumeneku kumakula koposa akamapuma pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa mphindi, pamene masiku onse amapuma maulendo 12 mpaka 20. Makina ndi mawochi ena a masiku ano amaonetsa zimenezi pagalasi, ndipo njirayi imathandiza anthu ambiri kucepetsa nkhawa.

Aphunzitsi, nkhani ino ikatha tengani wochi yokhala ndi muvi wa masekondi. Ana akhale awiriawiri, awerenge kugunda kwa masekondi 30, aculukitse ndi 2, alembe m'kope. Mwa ana a msinkhu wa pulaimale ciwerengero cimakhala pakati pa 70 ndi 110 ali cikhalire. Kenaka athamange kuzungulira bwalo kamodzi, awerengenso. Akabwerera agawidwe pawiri: ena angokhala pansi, ena akhale pansi akupuma mwa dongosolo, kuwerenga mumtima mpaka 3 pokoka ndi mpaka 5 potulutsa, dzanja lina lili pamimba kuti amve ikukwera. Pakatha mphindi ziwiri onse awerengenso, ndipo ziwerengero zilembedwe pabolodi m'mizere iwiri. Musawauziretu gulu limene liyenera kupambana, ndipo tsiku lotsatira magulu asinthane. Mwana akamva cizungulire aleke, apume monga mwa masiku onse. Wa cifuwa ca mphumu kapena wa vuto la mtima asathamange, akhale wosunga wochi.

Tsiku loyamba ena sadzapeza kugunda, ena adzasokoneza ciwerengero, ndipo ena adzangoseka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwerezani kawiri kapena katatu pa mlungu, mphindi zisanu zokha, ndipo makope asungidwe bwino kufikira mlungu wa mayeso, kuti m'mawa wa tsiku loyamba, mapepala asanagawidwe, mwana aliyense awerenge kugunda kwa mtima wake, apume monga waphunzira, awerengenso, ndi kulinganiza ndi ziwerengero zake zakale.